Amene Sindinamutchule

Usiku wa chiperoni ku Chitakale
ine ndi Mukanene tinkabisala m'kanyumba ka ulonda,
zenera lomata ndi katoni, mbaula pakati pathu.
Ndikatsokomola ankadzutsa khutu limodzi,
n'kudzanunkhiza pomwe ndalavulira.
Choka iwe, ndinkatero,
koma chotsala m'kontena mwanga ankanyambita ndi iyeyo,
ndipo kukazizira zedi
ankalowetsa mphuno m'jekete langa la kampani.

Kuchipatala anandipatsa kabotolo kolavuliramo.
Mawa lake namwino anati, chifuwa chachikulu, bambo Namakhwa,
n'kutsegula buku:
mumakhala ndi ndani, tiwayeze onse?
Ndinawerenga ndi zala.
Mayi a Felesiya. Felesiyayo. Gilibati.
Kamdzukulu kamene kakukwawa kumene.
Basi? Basi.
Amene ndinkapuma naye mpweya umodzi
kuyambira kulira kwa belu la fakitale mpaka m'bandakucha
sindinamutchule.
M'bukumo munalibe mzere wa agalu.

Miyezi isanu ndi umodzi ndikumeza mapiritsi,
mkodzo wofiira ngati tiyi wosathira mkaka.
Thukuta la usiku linauma.
Lamba anabwerera pabowo lake lakale.
Ndipo pamene chifuwa changa chinkatonthola
china chinayamba pansi pa benchi,
chouma, chachifupi,
ngati munthu akukoka khasu pamwala.

Tinati fupa lamuima pakhosi.
Tinati njoka zam'mimba, tinagula mankhwala ku Limbuli.
A Mulewa anati akuba nkhuni amutchera tameki.
Iye ankangotha.
Nthiti zinayamba kuoneka ngati mizere ya tiyi paphiri,
galu amene ankathamangitsa anyani mpaka kumibawa
n'kumapumira kawiri popita kumpopi.

Mlangizi wa ziweto anabwera pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo.
Anamugwira pakhosi, anamvetsera nthawi yaitali,
kenako anayang'ana ine osati galuyo.
Alipo anatsokomolapo nthawi yaitali pakhomo pano?
Ndinayang'ana kuphiri.
Linali litafunda mitambo, silinandithandize.

Zimachitika, anatero, ngakhale si kawirikawiri.
Nthawi zina ndi nyama yaiwisi ya ng'ombe yodwala,
nthawi zina mkaka wosawiritsa,
nthawi zina mwini wake.
Anatenga zoti akayeze, anabweranso patapita masabata.
Ulendo wachiwiriwo sanazimitse msanga njinga.
Kamdzukulu kanali katagwira mchira wa Mukanene, kakuseka.
Mlangizi anakanyamula n'kukapereka kwa amake,
ndipo ndinamva zonse asanalankhule.

Ndinamugwira mutu ndine.
Jakisoni anali wamng'ono kuposa amene ndinkayembekeza.
Anandinyambita chala chachikulu, chomwe chija chopsa ndi mbaula,
n'kulemera.

Dzenje ndinakumba lakuya, monga anandiuzira,
kuseri kwa mabulugamu, kutali ndi mtsinje.
Thumba lake logonapo ndinatentha.
Mbale yake ndinakwirira naye limodzi.
Anthu othyola tiyi ankadutsa ndi madengu kumsana,
mmodzi anafunsa ngati ndikubzala nthochi.
Ndinati eya.

Kamdzukulu anakayezanso, kali bwino.
Pakhadi langa analemba kuti ndachira,
anadinda, ndinalisunga m'Baibulo la mayi a Felesiya.
Kapitawo wati andipezera kagalu kena ku Muloza,
ndamuuza adikire mvula ithe,
sindinanene mvula ya chaka chiti.

Katoni ija ndinaichotsa pazenera.
Chiperoni chimalowa momwe chikufunira tsopano,
chimandipeza pabenchi ndi tochi ndi chibonga.
Fumbi la makala likandipalasa pakhosi
ndimatsokomolera m'chigongono, monga anatiphunzitsira,
ndimatembenukira kukhoma,
ngakhale pansi pa benchi
palibe khutu loti lidzuke.